Kusaka duwa lachikasu la timasamba tisanu ku Mangochi

Lolemba: kuchoka ku Zomba

Ulendo uno wayamba ndi chithunzi chimodzi chimene mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene amaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi, ananditumizira pa WhatsApp sabata ziwiri zapitazo. Pachithunzipo panali kaduwa kachikasu ka timasamba tisanu komera pamchenga, ndipo m'munsi mwake analemba kuti pulogalamu ya pafoni yozindikira zomera yamuuza kuti kameneka ndi Potentilla, chomera chimene Angerezi amachitcha cinquefoil. Ankafuna kudziwa ngati angawauze ana a sukulu kuti chomera cha kumayiko ozizira chafika m'mphepete mwa nyanja yathu. Ndinamuuza kuti ayambe wadikira, pakuti pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndisanapume, sindinatchulepo dzina la chomera nditangoona duwa lokha, ndisanagwire tsamba, tsinde ndi chipatso, ndiponso ndisanaponde dothi limene chamerapo.

Ndanyamuka m'mawa pa minibasi kudzera msewu wa M3. M'chikwama ndaikamo nyuzipepala zakale, matabwa awiri opyapyala, mphira wa chubu cha njinga womangira matabwawo, kagalasi kokuzira zinthu ndi kope. Titatsika ku Liwonde n'kuwoloka Shire, mphepo yozizira ya ku Zomba inatha, ndipo pofika ku Ulongwe aliyense m'galimoto anali akudzipepesera ndi chilichonse chimene anali nacho m'manja. Milambe ndi migwalangwa inayamba kuchuluka mbali zonse za msewu. Pamene ndinkaiyang'ana mitengoyi chikayiko changa chinkakula, chifukwa mitundu ya Potentilla, yomwe ndi yoposa 300, kwawo kwenikweni ndi kumayiko ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi ndi m'mapiri ataliatali, pomwe nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 474 okha kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mchenga wake masana umawotcha mapazi.

Madzulo, titadya nsima ya chambo, ndinamufotokozera mphwanga za dzinalo. Mawu akuti cinquefoil anachokera ku Chifalansa ndipo amatanthauza masamba asanu, chifukwa mitundu yodziwika kwambiri ili ndi tsamba logawika timasamba tisanu tochokera pamfundo imodzi ngati zala za dzanja. Dzina lakuti Potentilla analikhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, ndipo limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza mphamvu, popeza anthu a ku Ulaya ankatenga mizu ya mitundu ina ngati mankhwala. Chomerachi ndi chachibale ndi sitiroberi, maapozi, mapichesi ndi maluwa a rozi. Iye anamvetsera mwaulemu, kenaka anati, "Malume, koma foni inanena kuti ikutsimikiza." Ndinamuyankha kuti mawa foniyo ikhale m'thumba, tikaone ndi maso.

Lachiwiri: paboma ndi m'mbali mwa Shire

Lero sitinapite kumene kunajambulidwa chithunzi chija. Ndinafuna kuti mphwanga ayambe wazolowera kuyang'ana chomera mwadongosolo, choncho tinayenda wapansi kuchokera pansanja ya wotchi imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, m'nthawi imene tawuni ino inkatchedwa Fort Johnston, n'kutsikira kumtsinje kunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi.

Mlendo woyamba amene tinakumana naye safuna kagalasi kuti umuzindikire. Namasupuni anali akuyandama m'magulumagulu pafupi ndi mabwato a asodzi, mapesi ake otupa ndi mpweya akumuthandiza kuti asamire. Kwawo ndi ku South America, anafalitsidwa m'mayiko ambiri chifukwa cha maluwa ake okongola, ndipo kuno kwathu akatsika ndi madzi amakatseka polowera madzi a makina opangira magetsi ku Nkula. Ndinamukumbutsa mphwanga kuti ngakhale mango amene tinaima pamthunzi wake anachokera ku India, chimanga ku Mexico ndipo chinangwa ku South America, kotero kuti chomera chikakhala chobwera sindiye kuti ndi mdani. Chofunika kudziwa n'chakuti chikukhala pamene munthu wachidzala, kapena chathawa n'kuyamba kulanda malo a zomera zina.

Tinakhala pansi ndipo ndinamulembera m'kope zinthu zimene ayenera kuzipeza asanatchule dzina la Potentilla. Tsamba likhale logawika timasamba tamano m'mbali ngati sowo. Pamene phesi la tsamba lalumikizana ndi tsinde pakhale timakutu tiwiri tobiriwira. Pakati pa duwa pakhale timaulusi tambirimbiri tonyamula mungu, kawirikawiri pafupifupi 20, tozungulira kamutu kodzaza ndi timbewu tambiri tosalumikizana. Koposa zonse, ukalitembenuza duwalo, kunsi kwake upeze mizere iwiri ya timasamba tobiriwira, tisanu mkati ndi tina tisanu kunja, tosinthanasinthana malo. Mzere wachiwiriwu ndi umene anthu ambiri saulabadira, chifukwa ndi ochepa amene amajambula duwa chakunsi.

Ndili ndi mndandandawo m'manja, ndinamuuza kuti andipezere zomera za masamba asanu kapena za duwa lachikasu. Sanachedwe. M'dimba lina anathyola luni, amene tsamba lake lilidi ndi timasamba tisanu ngati zala, koma duwa lake ndi loyera, la timasamba tinayi, ndipo mbewu zake zimakhala m'kachikoko katali. Kenaka anabwera ndi denje, limene duwa lake ndi lachikasu la timasamba tisanu, koma tsamba lake ndi limodzi losagawika. Mayi mwini dimbalo anatifunsa ngati tikufuna ndiwo, ndipo titawafotokozera chimene tikuchita anaseka nati, "Abambo, denje mukulifunira galasi? Mukanangondifunsa ine." Ananena zoona. Pobwerera ndinamulozera mphwanga mlambe waukulu, umene masamba ake akakhwima amakhalanso a zala zisanu, ndipo ndinamufunsa ngati nawonso tiutche cinquefoil.

Lachitatu: pamchenga wa kunyanja

Tinakwera galimoto ya ku Monkey Bay n'kutsikira panjira, ndipo kuchokera pamsewu tinatenga akabaza awiri kupita kudoko kumene mphwanga anajambula kaduwa kake. Yankho linabwera tisanafike n'komwe, chifukwa tayala la njinga imene ndinakwera linaphwa, ndipo mnyamata wakabazayo atalitembenuza anazula kanthu kolimba ka minga iwiri yakuthwa, n'kukataya uku akudandaula kuti njira imeneyi imamudyera ndalama za zigamba sabata iliyonse. Ndinakatola n'kukasunga m'thumba la malaya.

Chomeracho tinachipeza mosavuta, pakuti chinali paliponse pamene anthu amaponda, pakati pa mathandala oyanikira usipa ndi m'mbali mwa njira. Chimayala nthambi zake pansi ngati mphasa kuchokera pamuzu umodzi. Duwa lake ndi lachikasu, la timasamba tisanu, ndipo pachithunzi chojambulidwa chapamwamba ndikuvomereza kuti limafanana ndithu ndi la Potentilla. Koma tsamba lake lili ngati la bwemba, timasamba tating'ono tosalala m'mbali, tokhala tiwiritiwiri motsatira kamsana kamodzi. Masambawo amatuluka awiri pamfundo iliyonse, lina lalikulu lina laling'ono. Titalitembenuza duwalo tinapeza mzere umodzi wokha wa timasamba tobiriwira, ndipo timaulusi ta mungu mphwanga anatiwerenga ndi kagalasi n'kupeza 10. Chipatso chake chikauma chimagawika zidutswa zisanu, chilichonse ndi minga yake, ndipo nditatulutsa kanthu kaja m'thumba kanafanana nazo ndendende.

Dzina lake la sayansi ndi Tribulus terrestris, ndipo alibe chibale ndi sitiroberi kapena rozi. Amakonda malo otentha, ouma, a mchenga, ndipo amayenda ulendo wake atabaya mapazi a anthu, ziboda za mbuzi ndi matayala. Mphwanga anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anajambulanso chomeracho, ulendo uno tsamba ndi chipatso zikuoneka, ndipo foni inasintha maganizo n'kutchula dzina loyenera. Sindinganene kuti chidacho n'chachabe. Chimayankha molingana ndi zimene wachionetsa, ndipo vuto lake n'lakuti chikapatsidwa zochepa chimayankhabe ndi mtima wonse ngati mboni yophunzitsidwa.

Ndinaganiza kuti ulendo wathera pamenepa, ndipo ndinayamba kufunsa za galimoto yobwerera ku Zomba. Koma madzulo kunabwera mphunzitsi mnzake wa mphwanga, ndipo atamva nkhani yathu anati mayi ake ku Namwera akhala akudandaula ndi sitiroberi wachilendo amene amachita maluwa achikasu n'kubala zipatso zofiira bwino koma zopanda kukoma. Nditamva mawu akuti maluwa achikasu ndinaika kapu ya tiyi pansi, pakuti sitiroberi amene timadya amachita maluwa oyera.

Lachinayi: kukwera ku Namwera

Tinawoloka Shire dzuwa lisanakwere. Msewu wopita ku Namwera ndi ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique, umakwera phiri mokhotakhota, ndipo ukacheuka umaona nyanja ya Malombe ndi Shire zili pansi ngati nsalu yoyanikidwa. Migwalangwa inatsala kuchigwa, mitengo ya tsamba laling'ono ya m'nkhalango za kumtunda inayamba kuoneka, ndipo mphepo inazizira mpaka ndinavala juzi imene sindinaikhudze chichokere ku Zomba. Pa nkhani imene tikutsatayi kusintha kumeneku n'kofunika, chifukwa ngati m'boma lino muli malo amene chomera cha mtundu wa Potentilla chingapirire, ndi kumtunda kuno osati kugombe.

Mayi aja anatilandira pakhonde, anatilonjera m'Chiyao kenaka m'Chichewa, ndipo sanalole kuti tipite kudimba tisanamwe thobwa. Anatiuza kuti zaka zitatu zapitazo mwana wawo wina anawagulira mbande za sitiroberi kwa munthu wogulitsa m'mbali mwa msewu, zili m'timachubu tapulasitiki ndi dothi lake, ndipo iwo anazidzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene amatsukira mbale. Zina zinabala bwino chaka choyamba kenaka zinafooka. Koma panali zina zimene sizinafooke. "Zimenezo ndiye zakhama, bambo," anatero mayiwo, "zikubala chaka chonse, koma ngakhale adzukulu anga, amene amadya chilichonse, amazilavula."

Tisanafike pabedipo ndinaona kale kachomera kena ka timasamba titatu ndi duwa lachikasu m'mbali mwa khoma, ndipo mphwanga anathamangira komweko. Kameneko kanali Oxalis, kamene timasamba take tili ngati mtima, topanda mano, towawasa ukatafuna, ndipo chipatso chake chimaima ngati katherere kakang'ono. Anakasiya yekha ndisanamuuze, ndipo ndinakondwa mumtima.

Chimene tinadzera chinali pamthunzi wa nthochi. Chinali chitayala pansi ponse, chikutumiza nthambi zowonda zoyanga zimene zimamera mizu pamfundo iliyonse yokhudza dothi. Tsamba lake linali la timasamba titatu tamano m'mbali, lofanana kwambiri ndi la sitiroberi koma locheperapo ndi lopyapyala, ndipo pansi pa phesi panali timakutu tiwiri tija. Maluwa anali amodziamodzi, lililonse paphesi lake lalitali, achikasu, a timasamba tisanu. Ndinapatsa mphwanga kagalasi n'kumuuza kuti atembenuze duwa. Anawerenga timasamba tisanu tosongoka, kenaka kunja kwake tina tisanu totambalala, chilichonse chili ndi mano atatu kunsonga. Anandiyang'ana nati, "Malume, mizere ilipo iwiri." Zipatso zinali zozungulira, zofiira kwambiri, zoyang'ana kumwamba zitakhala pa timasamba tobiriwira tija ngati pambale, pomwe za sitiroberi weniweni zimalendewera pansi. Timbewu take tinali tofiira, totumphuka pamwamba pa khungu, osati tolowa m'timaenje. Ndinang'amba chimodzi: mkati munali moyera ngati thonje, fungo panalibe, ndipo pakamwa chinangokhala ngati madzi.

Ichi ndi Potentilla indica. Kwawo ndi kummwera ndi kummawa kwa Asia, m'mayiko monga India, China ndi Japan, ndipo chinatengeredwa ku Ulaya, ku America ndi kuno ku Africa ngati chomera chokongoletsa pabwalo, kenaka chinathawa m'minda. Mbiri ya dzina lake imaonetsa kuti mayi a ku Namwera sali okha amene chinawanamiza. Mu 1807 ku England chinalembedwa ngati Fragaria indica, ndiko kuti sitiroberi wa ku India. Pambuyo pake chinapatsidwa mtundu wakewake, Duchesnea, polemekeza Antoine Nicolas Duchesne, Mfalansa amene anafufuza kwambiri za sitiroberi, ndipo mabuku ambiri akale amachitchula ndi dzina limeneli. Mu 1904 Theodor Wolf wa ku Germany anachiika m'gulu la Potentilla, ndipo kafukufuku wa DNA wa m'zaka zaposachedwa anagwirizana naye.

Chimene chandiseketsa usiku uno, pamene ndikulemba ndi nyali ya foni, n'chakuti tatha masiku atatu tikusaka chomera chimene dzina lake limati masamba asanu, tathyola luni ndi kuloza milambe, koma cinquefoil yeniyeni imene tapeza ili ndi timasamba titatu. Mitundu ya zala zisanu ilipo ndithu. Potentilla reptans wa ku Ulaya amayanga pansi ngati uyu, ndipo Potentilla recta amaima chilili, ali ndi timasamba tisanu mpaka tisanu ndi tiwiri, ubweya wautali patsinde ndi maluwa achikasu chotuwa. Ameneyu anachoka ku Ulaya ndi Asia n'kukalowerera malo odyetsera ziweto ku Montana ndi ku British Columbia, madera a ku North America, kumene ng'ombe zimamusiya chifukwa cha kuwawa kwake, iye n'kumachuluka pamene udzu ukutha. Koma ameneyo ndi wa kumeneko, ndipo mphwanga ndamuuza kuti asadzaphatikize nkhani ziwirizi pophunzitsa.

Mayiwo anafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi adzukulu awo amene analawa zipatsozo ali pangozi. Ndinawatsimikizira kuti zilibe poizoni, kungoti sizikoma.

Lachisanu: kutsata kumene chafika

Tinagona ku Namwera kuti m'mawa tione ngati chomerachi chatuluka kunja kwa mpanda, chifukwa kudziwa dzina lake kokha sikukanatiuza kukula kwa vutolo. Tinayambira pabedi paja n'kutsata ngalande imene imatenga madzi otsukira mbale kupita kumunsi. M'mbali mwa ngalandeyo chinali chochuluka, chitaphimba dothi kotero kuti ngakhale bonongwe sanapeze pomera. Pamene ngalande yatuluka pamthunzi wa nthochi n'kudutsa pamalo a dzuwa, chinachepa, masamba ake ali ang'onoang'ono ndi ofiirira m'mbali. M'munda wa chimanga, momwe khasu limadutsa kawirikawiri, sitinachipezemo ngakhale chimodzi, ndipo pamsewu wouma wa kutsogolo kwa nyumba panalibenso.

Tinachipezanso malo awiri kunja kwa mpanda. Oyamba anali pansi pa mtengo wa mango wa oyandikana nawo, mapazi pafupifupi makumi anayi kuchokera pabedi, popanda nthambi yoyanga yolumikiza malo awiriwa. Pamenepo mpoyenera kuti mbewu zinabwera ndi mbalame, chifukwa apumbwa tinawaona akujompha zipatsozo m'mawa womwewo, ndipo zimene ana amalavula mbalame zimameza. Malo achiwiri, amene anandidetsa nkhawa kwambiri, anali m'mphepete mwa kamtsinje kumunsi kwa mudzi, pamthunzi wonyowa pamene amayi amachapira. Panali kachigawo kakang'ono kosaposa mphasa imodzi, koma kanali ndi maluwa ndi zipatso zomwe. Ku South Africa chomerachi chili pamndandanda wa zomera zobwera zimene lamulo limafuna kuti zithetsedwe, chifukwa chimalowa m'malo onyowa a mthunzi ngati amenewa n'kuphimba zomera zing'onozing'ono za komweko.

Kachigawo ka kumtsinje tinakazula tonse atatu, ine, mphwanga ndi mdzukulu wamkulu wa mayi aja, tikutsata nthambi iliyonse mpaka pamfundo yomaliza, pakuti mfundo imodzi yotsala ndi mizu imayambanso banja. Zozulazo sitinaziponye pamulu wa manyowa. Tinaziyanika pathanthwe, ndipo zipatso tinazisonkhanitsa padera kuti zikatenthedwe. Za kuseri kwa nyumba mayiwo anati azichotsa okha pang'onopang'ono, ndipo ndinawapempha kuti asapatse mnansi aliyense mbande zochokera pabedi limenelo, ngakhale zooneka ngati sitiroberi weniweni, kufikira ataona mtundu wa duwa lake. Anayankha kuti pali mayi wina wa kutsidya amene anatengako kale chaka chatha, ndipo alonjeza kuti akamuuza Lamlungu lisanafike.

Ndasankha zomera zitatu zathunthu, zokhala ndi mizu, nthambi yoyanga, duwa ndi chipatso, ndazipanikiza pakati pa nyuzipepala ndi matabwa aja, duwa limodzi nditalitembenuza kuti mizere iwiri ija izioneka. Pakapepala ndalemba tsiku, dera, mtundu wa dothi, kuti panali mthunzi ndi chinyezi, ndiponso mtundu wa duwa ndi chipatso, popeza mitundu imafwifwa chomera chikauma. Ziwiri ndikazipereka ku National Herbarium ku Zomba, kumene amasungako zomera zouma zofufuzira, kuti akatswiri akaziyerekeze ndi zimene amasunga ndi kutsimikiza dzina. Chachitatu ndamusiyira mphwanga, pamodzi ndi Tribulus wa kunyanja uja, kuti akaziike pambali ndi pambali patebulo la m'kalasi, ana akatembenuze okha maluwawo.

Tatsika phiri madzulo, kutentha kwa kuchigwa kukutilandira pa kona iliyonse. Mphwanga wagwirizana ndi mnzake uja kuti mvula ikadzayamba mu Disembala adzapita kukaona kumtsinje kuja ngati pamera china, ndipo ndamuuza kuti chithunzi chimene adzanditumizire chidzakhale cha tsamba, cha chipatso ndi cha kunsi kwa duwa. Nyuzipepala zanyowa kale ndi madzi a zipatso, choncho ndiyenera kuzisintha ndisanagone, ndipo minibasi ya ku Zomba ndikwera ya 6 koloko m'mawa.